Batch ikuima pakati? Yambani mwaona action yanu, achimwene

Achimwene a ku Nchalo, mwati muli ndi zithunzi za chinkhoswe foda yodzadza, mukufuna Photoshop izichepetse nkuikapo logo ya studio yanu zonse pakamodzi pogwiritsa Batch, koma ikangopanga zingapo ikuima nkulemba kuti command not currently available, nthawi zina scratch disks are full. Musathamange kuidilita nkuikanso ayi, mungotha bando pachabe. Mavuto awiriwo ndi osiyana, ndipo loyambalo kawirikawiri limachokera ku action, masitepe aja munarekoda nokha kuti Batch iziwabwereza pa chithunzi chilichonse.

Action ilibe nzeru zake, imangobwereza zimene munachita pa chithunzi chimodzi chija. Zili ngati telala amene wayeza munthu mmodzi nkusokera banja lonse. Ngati porekoda munadina layer yotchedwa Background, ikapeza PNG imene yatseguka ngati Layer 0 iima pomwepo. Chimodzimodzi chithunzi chimene mitundu yake ili mu CMYK kapena Indexed Color osati RGB, mafilter ena sagwira pamenepo. Nde mafoda athuwa mukuwadziwa, muli za kamera yanu, za pa foni ya ankhoswe zimene akutumizirani pa WhatsApp, mwina HEIC za iPhone ya mlendo wochokera ku Blantyre, zonse phatikiphatiki. Zisiyanitseni kaye. Ndipo mu action yanu yambani ndi Image > Mode > RGB Color kenako Flatten Image, kuti chilichonse chifike pofanana musanachikhudze.

Zithunzi zoimirira ndi zogona nazonso zimasokoneza, logo imakagwera pa nkhope ya mkwatibwi kapena kunja kumene. Pochepetsa gwiritsani File > Automate > Fit Image osati Image Size, ndipo logo muiike ndi Align mutapanga Select All, musaikoke ndi mausi.

Tsopano pa windo ya Batch ija, pansi pali mawu oti Errors. Chotsani Stop for Errors muike Log Errors to File. Ichi ndi chimene ndimauza aliyense, chifukwa ntchito imapitirira mpaka kumapeto ndipo imakulemberani kafayilo konena chithunzi chimene chakana ndi sitepe imene chakanira, simuvutikanso kulota. Tikaninso Suppress File Open Options Dialogs ndi Suppress Color Profile Warnings kuti isamaime kukufunsani mafunso. Ya Override Action Save As Commands samalani nayo, muitike pokhapokha ngati mu action muli sitepe ya Save As. Mukatika mulibe, ipanga zonse bwinobwino koma mu foda simupezamo kanthu. Mukasiya osatika pamene Save As ilimo, imaseva ku foda yakale imene munarekodera, ndipo ngati munalemba dzina porekoda zonse zizifufutana pa dzina limodzilo.

Apa ndiye ndikuchondereni, pa windo ya Batch yomweyo Destination, posankhira kosevera paja, isakhale Save and Close. Imalemba pamwamba pa zithunzi zenizenizo, ndipo chinkhoswe sichibwerezedwa, anthu aja anabwera kuchokera ku Ngabu, ku Bangula, ena anaoloka Shire pa bwato. Pangani foda ina yotulukira, ndipo mumemore kadi musafufute mpaka kasitomala atalandira zake.

Za scratch disk nzosavuta. Disiki C ya laputopu yanu yadzadza. Photoshop imabwereka malo pa disiki RAM ikachepa, nde ngati muli makanema a maukwati a chaka chatha asamutseni. Tsekani Photoshop, dinani Windows ndi R, lembani %temp% mufufute mafayilo oyamba ndi Photoshop Temp, amatsalira magetsi akathima ntchito ili pakati ndipo amakhala akuluakulu. Ngati muli ndi disiki D yopanda zambiri isankheni ku Edit > Preferences > Scratch Disks. Ikakana ngakhale kutseguka, gwirani Ctrl ndi Alt pamene ikuyamba, ikufunsani disiki ina. Komanso musapange batch molunjika kuchokera pa flashi kapena pa kadi, kopani kaye mu laputopu, card reader ikangogwedezeka pang'ono fayilo yawonongeka.

China chimene anzathu a kumtunda sangakuuzeni ndi kutentha kwathu kuno. October, November kukamafika madigiri 40, laputopu yoika pa matilesi kapena pa mwendo imadzichepetsa liwiro yokha, ina imangozima ili pakati, inu nkumati Photoshop yavuta. Ikani pa tebulo, kwezani kumbuyo mpweya uzidutsa, fumbi la mu fani lipopedwe, ntchito yaikulu muipange mmamawa kapena usiku batire itadzadza. Ngati RAM ndi 4GB gawani zithunzizo, 50 kapena 100 foda iliyonse, Chrome mutseke.

Yesani kaye pa zithunzi zisanu zosakaniza, choimirira, chogona, cha pa foni. Ikakananso jambulani kafayilo ka ma error kaja pamodzi ndi masitepe a action yanu muponye muno, mutiuzenso version imene mukugwiritsa, tione sitepe imene ikukanayo.