Funsani Tikuyankheni: Agalu anga sakalamba, ndikulakwitsa pati?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Pa zaka 6 zapitazi ndaweta agalu atatu, koma palibe ngakhale mmodzi amene anakwanitsa zaka zitatu. Woyamba anafa akadali kamwana atatsegula m'mimba mwa magazi, wachiwiri anangoyamba kufooka ndi kukana chakudya mpaka anafa, ndipo wachitatu anabwera usiku akuchita thovu kukamwa, kutacha tinamupeza atauma. Anzanga akuti ndilibe dzanja la ziweto. Tsopano mlongo wanga wandipatsa kagalu kakakazi ka milungu 8 ndipo ana anga akakonda kwambiri. Ndichite chiyani kuti ameneyu akalambire pakhomo pano?

YANKHO: Pepani kwambiri mayi, pakuti galu amene wazolowera pakhomo akafa ana amalira ndipo akulu omwe amasweka mtima, ngakhale ambiri amachita manyazi kuvomera. Za dzanjazo zichotseni mumtima. Imfa zitatu zimene mwafotokozazi n'zodziwika bwino kwa madokotala a ziweto, ndipo galu wachikuda wosamalidwa bwino amatha kufika zaka 12 ngakhale kupitirira apo.

Kagalu koyamba kaja kakuoneka kuti kanafa ndi matenda a parvo, amene amagwira kwambiri tiagalu tosabayidwa katemera, n'kumatisanzitsa ndi kutitsegula m'mimba mwa magazi onunkha mpaka madzi atatha m'thupi. Kachilombo kake n'kouma mutu chifukwa kamatha kukhala m'dothi miyezi yambiri, ndiponso anthu amakanyamula ku nsapato osadziwa. Popeza kagalu kanu kakwana milungu 8, nthawi ya jakisoni woyamba ndi inoyi. Katemerayu amabwerezedwa pakatha milungu itatu kapena inayi iliyonse kufikira kagaluko katakwana milungu 16, ndipo kawirikawiri amaphatikizamo chitetezo cha matenda ena monga distemper. Kasanamalize majakisoni amenewa musakalole kutuluka kunja kwa mpanda kapena kusewera ndi agalu oyendayenda.

Kakakwana miyezi itatu kabayitseni katemera wa chiwewe, kenaka muzibwereza chaka ndi chaka. Inu a ku Blantyre muli ndi mwayi chifukwa bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu mwaulere mumzindawu kuyambira mu 2015, chaka chimene linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa, chiwewe chimasowa podutsa m'deralo, kotero kuti jakisoni wa galu wanu amatetezanso ana a oyandikana nawo. Alangizi a ziweto a boma nawonso amachititsa katemerayu, ndipo dziko lonse lapansi limakumbukira za matendawa pa 28 September. Ndipo munthu akalumidwa ndi galu, atsuke balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Koma chizolowezi chimene ine ndimachiika patsogolo pa zonse sichilira ndalama: madzulo aliwonse galu wanu muzimugwira ndi manja. Agalu ambiri m'makomo mwathu amangoponyeredwa mkute chapatali, moti mwini wake amadzazindikira kuti galu akudwala tsiku limene walephera kudzuka, pamene matenda analowa kale sabata yathunthu. Musisiteni kuyambira kumutu mpaka kumchira, musuzumire m'makutu, m'khwapa ndi pakati pa zala, pakuti mmenemo ndi mmene nkhupakupa zimabisala. Mukaipeza igwireni pafupi ndi khungu n'kuikoka pang'onopang'ono kuti mutu wake usatsalire. Kenaka tukulani mlomo wake muone nkhama. Nkhama za galu wathanzi zimakhala zofiirira ndi zonyowa, koma zikayera ngati pepala kapena kuchita chikasu, galuyo n'kutentha thupi ndi kumakodza mkodzo woderapo, dziwani kuti ndi matenda obwera ndi nkhupakupa amene amaswa magazi. Zimene mwanena za galu wanu wachiwiri zikufanana ndi zimenezi. Matendawa amachizika ndi jakisoni wa dokotala wa ziweto ngati mwafulumira, koma mukadikira kuti muone mmene kuchere mawa, nthawi zambiri magazi amakhala atatha.

Manja omwewo adzakuuzaninso za mphutsi, zimene zimavuta kwambiri m'nyengo yamvula. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi lonyowa ndi mkodzo pamthunzi, ndipo galu akagonapo timphutsi timalowa pakhungu n'kupanga tizithupsa tokhala ndi kabowo pakati. Pakani mafuta a Vaseline pakabowopo kuti mphutsi isowe mpweya, kenaka muifinye mosamala. Chachikulu n'chakuti galu azigona pouma, pa saka kapena chiguduli chimene mumachapa ndi kuyanika padzuwa. Pa nkhupakupa, nthata ndi mphere gwiritsani ntchito mankhwala opangira agalu, pa mlingo umene mlangizi wakuuzani. Oyilo wakutha wa galimoto, amene ena amapaka galu wa mphere, amawotcha khungu ndipo galu akamunyambita amadwala.

Pa chakudya ndi pamene ambiri timalakwira galu mosadziwa. Nsima ya gaga imakhutitsa, koma yokha simanga thupi, makamaka la kagalu kamene kakukula. Muziphikira limodzi ndi usipa kapena bonya, ufa wa soya wokazinga, dzira, zam'kati za nyama ndi masamba pang'ono kapena dzungu, popanda mchere wambiri. Kagalu ka msinkhu wa kanuko kazidya kanayi pa tsiku, kakafika miyezi 6 kawiri n'kokwanira. Ndiwo zotsala zokhala ndi anyezi kapena adyo wambiri musamupatse chifukwa zimawononga magazi a galu, chimodzimodzinso chokoleti ndi mphesa, ndipo mafupa ophika a nkhuku amasweka n'kubaya matumbo. Panado ndi Brufen wa anthu musamumwetse. Madzi oyera azikhala m'mbale usana ndi usiku.

Kunenepetsa galu nakonso si chikondi. Ku America ofufuza anatsatira agalu 48 a mtundu wa Labrador moyo wawo wonse, ndipo zotsatira zimene anatulutsa mu 2002 zinaonetsa kuti agalu amene ankapatsidwa chakudya chochepako ndi gawo limodzi mwa magawo anayi anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo. Mukamamusisita nthiti zizimveka m'manja, koma zisamawerengeke ndi maso.

Mankhwala a njoka zam'mimba mukapatse milungu iwiri iliyonse mpaka miyezi itatu, kenaka mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, ndipo pambuyo pake kamodzi pa miyezi itatu. Chimbudzi chake muzichotsa tsiku lililonse popeza njoka zina zimalowanso mwa ana amene amasewera padothi.

Galu wanu wachitatu uja, mwa kufulumira kwa imfa yake, akuoneka kuti anadya poizoni, kaya tameki amene akuba amaika m'nyama kaya mankhwala a makoswe otayidwa kudzala, ngakhale kuti galu aliyense wochita thovu sayenera kugwidwa kukamwa poopa chiwewe. Muzu wa imfa imeneyi ndi kuyendayenda usiku. Popeza kanu n'kakakazi, kambiranani ndi dokotala za kukatseketsa kakafika miyezi pafupifupi 6. Galu wamkazi amafuna amphongo kawiri pa chaka ndipo bere lake limatenga masiku 63 okha, choncho wosatseketsa amaguga msanga ndi uchembere, amatha kuchita mafinya m'chiberekero, ndiponso amatenga chotupa chakumaliseche chimene agalu amapatsirana pokwerana. Bungwe loteteza ziweto la Blantyre SPCA kwanuko, kapena LSPCA kwa a ku Lilongwe, limagwira ntchito imeneyi.

FUNSO: Ndine bambo wa ku Area 25 ku Lilongwe. Galu wanga ndimamutsekera m'kakhola ka malata usana wonse n'kumutulutsa usiku kuti akhale wolusa, ndipo mnzanga akuti ndizimuthirira tsabola m'chakudya. Kodi zimenezi zili ndi vuto?

YANKHO: Bambo, vuto lilipo ndipo ndi lalikulu. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu, choncho kakhola ka malata m'dzuwa la October ndi November kangathe kumupha masana amodzi okha. Tsabola amangomupweteka m'mimba, sawonjezera kulimba mtima. Galu wokulira m'mdima amalusa chifukwa cha mantha, ndipo wotereyu sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa mlendo, pamene mlonda weniweni ndi galu wodziwa anthu a pakhomo pake amene amauwa akamva phazi lachilendo. Akuluakulu ponena kuti galu wamkota sakandira pachabe ankadziwa kuti nzeru za galu zimabwera ndi zaka, ndipo wanuyo sadzafika pa umkota ngati apitiriza kukhala chomwechi.

Mumangireni khola lotakasuka pamthunzi, lopita mphepo, la pansi pouma ndi mbale ya madzi imene sangaigubuduze. Ngati bwalo lanu lili ndi mpanda, azikhala womasuka masana. Ngati mulibe mpanda, kokani waya wautali pakati pa mitengo iwiri kuti tcheni chake chiziyenda pawayapo, ndipo muziona kuti lamba wa m'khosi sakumudya pamene akukula. M'mawa kusanatenthe kapena madzulo dzuwa litapepa, muyende naye pa chingwe kwa mphindi 30, ndipo masiku oyambirira mudutse njira zopanda anthu ambiri kufikira atazolowera.