Kwa mchemwali wofuna kuyamba geni ya ku Joni ntchito itangotha

Achemwali, mwafunsa mmene geni yokaoda katundu kunja imayendera, ndipo mwanena kuti ntchito yanu inatha mwezi wathawu, choncho mukufuna kunyamuka sabata yamawa ndi ndalama zonse zimene anakupatsani potsanzikana. Za njira ndikufotokozerani mosavuta, koma chimene chandigwira mtima ndi liwiro limene mukufuna kunyamukiralo.

Ife a ku Blantyre timatulukira pa chipata cha Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue, timawoloka Zambezi mu Tete, timalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Beitbridge, Musina mpaka Johannesburg. Mzere wa pa Beitbridge pawokha ukhoza kukudyerani theka la tsiku, makamaka mu Disembala. Pasipoti yathu imatilola kukhala masiku 30 mu South Africa popanda viza, ndipo wopitiriza masikuwo amaletsedwa kulowanso kwa nthawi ndithu. Anzathu ena amadzera pa Songwe kukaoda zitenje ndi nsapato ku Kariakoo mu Dar es Salaam, ena amadzera pa Mchinji kupita ku Chipata ndi Lusaka.

Phindu limawerengedwa munthu asanakwere basi. Mumaphatikiza mtengo woodera, mtengo umene mwagulira rand, tikiti yopita ndi yobwerera, malipiro a katundu wokwera m'thirela, chakudya, malo ogona, ndi msonkho wa MRA pa chipata, ndipo chilichonse chimene mwagula chikhale ndi lisiti lake. Mudzamvanso za COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko ena a mu Africa, ndi ndondomeko yake yopeputsa mapepala ndi msonkho kwa amalonda ang'onoang'ono. Imathandizadi pa katundu wina wopangidwa ku Zambia kapena Zimbabwe, koma South Africa ndi Tanzania sali mu COMESA, kotero musaiwerengere pa ulendo wa ku Joni.

Zimenezi mungazidziwe pa maulendo awiri okha. Chimene chinanditengera zaka ndi kudziwa nthawi yoima.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika K1,700. Nthawi imeneyo n'kuti nditabalalitsa mabulangete, makatani ndi mapoto kwa makasitomala olipira kumapeto kwa mwezi, pa mitengo yakale. Ndalama zinabwera ndithu, koma nditapita kukagula rand ndinaona kuti mpamba wanga sungadzazenso zikwama zimene unkadzaza kale. M'malo mokhala pansi n'kuvomereza kuti ndaluza, ndinatenga katapila kuti ndibweze msanga zotayikazo pa malonda a Khirisimasi. Ndinanyamuka ndisanagone bwino kwa sabata yathunthu, ndinaoda mothamanga zovala zimene anthu opanda ndalama m'thumba sakanagula, ndipo chikwama chimodzi chimene ndinapatsira munthu wonyamulira ena katundu sichinafike mpaka lero. Ndinatsika basi miyendo itatupa, nsapato ndili nazo m'manja, mutu ukugunda, ndipo kuchipatala anandiuza kuti BP yakwera kwambiri. Kugwa kwa kwacha kunanditengera gawo la mpamba, koma chimene chinamaliza zotsalazo ndi kukana kwanga kupuma.

Ndinaima miyezi inayi. Masabata oyamba anali owawa, chifukwa thupi linazolowera msewu, ndipo ndikamva basi ikulira m'mamawa mtima unkandiuza kuti anzanga akundisiya. Manyazi nawo analipo, pakuti aliyense wokumana naye ankafunsa kuti, "Kodi Joni mwasiya?" Zikwama zikuluzikulu za mizeremizere zija ndinazipinda n'kuzilowetsa kunsi kwa bedi kuti ndisamaziwone. Tsiku lina ndinakhala pakhonde ndi kope la ngongole, ndinalemba amene ndili nawo ngongole kumanzere ndi amene ali ndi ngongole yanga kumanja, ndipo ndinalira pamene ndinaona chiwerengero chenicheni, koma usiku umenewo ndi umene ndinagona tulo koyamba. M'mawa mwake ndinapita kwa mwini katapila ndi kwa amayi anzanga a banki mkhonde, ndinawauza poyera kuti ndagwa ndipo ndidzabweza pang'onopang'ono. Ena anadandaula, koma palibe amene anandikana, ndipo ndinaona kuti wangongole wodzionetsa yekha amamveredwa kusiyana ndi wozimitsa foni. Zovala zotsala zija ndinazigulitsa motchipa, ndinapita kumudzi kukathandiza mayi anga kupalira, ndipo ndinabwerera pa msewu mu Epulo 2024 ndi zikwama ziwiri zokha za katundu amene makasitomala anaitanitsiratu.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musanyamuke sabata yamawa. Kutha kwa ntchito kuli ngati maliro, ndipo munthu amene akadali ndi mkwiyo komanso mantha amaoda ndi mtima wofuna kuonetsa anthu kuti sanagwe, mtima umene ogulitsa ndi akuba a m'misewu ya Johannesburg amauzindikira msanga. Ndalama zimene mwalandirazo sizidzabweranso kachiwiri. Patulani za lendi, chakudya ndi fizi ya ana za miyezi itatu, ndipo zimenezo zisawoloke chipata. Pumulani mwezi umodzi kapena iwiri, gonani, pitani kutchalitchi, chezani ndi abale, ndipo mphamvu zikabwerera yendani mu Limbe ndi kope n'kumalemba mitengo, mukufunsanso anzanu a kuntchito kwanu kwakale zimene angafune kugula ndi nthawi imene amalipira.

Ine ndidzanyamukanso kumayambiriro kwa Juni, ndipo ngati mudzakhale mutapuma, tidzakwere limodzi. Pa ulendo woyambawo mudzatenge gawo laling'ono la mpamba, pasipoti, kope lanu lija ndi juzi yolemera, pakuti pa Beitbridge kumazizira kwambiri usiku nyengo imeneyo.