Musatengeke ndi 850W ya pabokosi, yang'anani mzere wa 12V

M'bale wanga, uthenga wanu ndauwerenga kawiri. Mwati munachotsa khadi ya zithunzi (graphics card) ya GTX 1050 Ti n'kuika RTX 3060 ya 12GB yogula kwa munthu, purosesa ndi Ryzen 5 5600, ndipo power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, ndi ija inabwera ndi kesi, yolembedwa 500W. Tsopano kompyuta ikumazima yokha mukayamba kutulutsa vidiyo ya ukwati. Mukufunsa kuti mugule iti, 850W yotchipa imene mwaiona m'tauni muno, kapena 650W ya dzina yomwe mtengo wake wakubwezani m'mbuyo.

Gulani ya 650W ija. Koma tisanafike kumeneko, pali kanthu kamene mwangokatchula modutsa kumapeto ndipo kandisowetsa mtendere: kaadaputa kochoka pa SATA kupita ku 8-pin (pulagi yolowetsera magetsi m'khadi) kamene wogulitsa khadi anakupatsani. Kachotseni lero lomwe, ngakhale kasitomala akudikira. Pulagi ya SATA anaipangira ma hard disk, ndipo pa 12V imanyamula 54W basi. RTX 3060 imadya mpaka 170W. Pa bolodi (motherboard) pamene khadi imakhazikika pamatuluka 75W yokha, ndiye yotsalayo, yoyandikira 100W, ikudutsa m'kapulagi kameneko. Khadi yanu yakale inkakhuta ndi 75W ya pa bolodiyo, n'chifukwa chake simunaonepo vuto nthawi yonseyi.

Ine ndimakonza makompyuta cha ku Kapata kuno ku Chipata. Chaka chatha anandibweretsera ina yochokera ku Katete, ya mnyamata wojambula maukwati ngati inu nomwe. Ndisanatsegule n'komwe, fungo la pulasitiki yopserera linali litadzaza kale m'kashopu. Kaadaputa kanali katasungunuka n'kumatirira pa pulagi, mawaya achikasu aja atada bii ngati makala. Khadi inapulumuka, koma hard disk yomwe inali pa waya womwewo inafera pomwepo, muli mavidiyo a ukwati wa eniake amene anali asanawakopere kwina. Mnyamatayo anakhala pa benchi nthawi yaitali ali duu, foni ikungolira m'thumba, mwini ukwati akuimba. Sindikufuna zimenezi zikuonekereni.

Nambala ya zilembo zikuluzikulu ya pabokosi aliyense angathe kuisindikiza. Zoona zake zili pa sitika ya m'mbali mwa power supply. Zimitsani, zulani pulagi pakhoma, tsegulani kesi, muunike ndi tochi ya foni. Muona katebulo kolembedwa +3.3V, +5V ndi +12V, pansi pake pali ma ampere. Khadi ndi purosesa zonse zimadyera pa 12V, choncho tengani nambala ya pansi pa +12V muichulukitse ndi 12. Ya 650W yeniyeni imalemba 54A kapena kuyandikira pamenepo, ndiye kuti 648W. Zobwera ndi kesi zambiri zimene ndatsegulapo zimalemba cha m'ma 20A, mphamvu yosafika n'komwe 300W, zotsalazo anaziunjika pa 5V ndi 3.3V kumene makompyuta a masiku ano sakokako zambiri. Mukachite chimodzimodzi ndi 850W ya m'tauniyo, wogulitsa akuona. Muinyamulenso m'manja. Ikapepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndiye kuti mkati mulibe zitsulo zoziziritsira ndi makapasita okwanira. Kulemera pakokha sikusonyeza kuti ndi yabwino, koma yopepuka choncho ine ndimaibweza pa shelefu osafunsa mtengo.

Tiyeni tiwerengere yanuyo. Khadi 170W, purosesa ikalimbikira siipitirira 90W, ndipo bolodi, RAM, mafani ndi ma disk tiziike pa 50W. Zonse pamodzi ndi 300W ndi kapamwamba pang'ono. Nvidia eni ake amati RTX 3060 iyendere 550W. Mpata wotsalawo uli ndi ntchito yake: khadi zimenezi zimatha kukoka mphamvu yambiri mwadzidzidzi kwa kamphindi kochepa zedi, ndipo power supply yofooka ikadzidzimutsidwa choncho imangothima, monga mukuonera inumo. Ndi 650W mudzakwanitsanso RTX 3070 ya 220W kapena RTX 4070 ya 200W ntchito ikadzakula, poti zonse ziwirizo amazilembera 650W.

Chizindikiro cha 80 PLUS chisakusokonezeni. Chimangoyeza magetsi amene sakutayika n'kusanduka kutentha: Bronze ndi 85% ikamagwira theka la mphamvu yake, Gold ndi 90%. Za kulimba sichinenapo kanthu. Bronze yabwino ikukwanirani, Gold imathandiza pang'ono pa mayunitsi ndi pa batire ngati muli pa sola. Ine ndimayang'ana zitetezo zolembedwa pabokosi, OVP, OCP, OPP, SCP ndi OTP. Zimenezi ndi zomwe zimaizimitsa mphamvu ikakwera, mawaya akagundana kapena ikatentha kwambiri, kuti isatengere limodzi bolodi ndi khadi. Kenako zaka za waranti, chifukwa kampani yolemba zaka 5 kapena 10 ikudziwa zimene yaika mkati.

Zimene ndingakutumeni nazo mtima uli m'malo ndi Seasonic Focus GX-650 ndi Corsair RM650x, za zaka 10. Thumba likakana, MSI MAG A650BN kapena Cooler Master MWE 650 Bronze V2, za zaka 5, zigwira bwino ntchito ndi khadi yanuyo. Musangoona dzina la kampani basi, onani mtundu wake weniweni, chifukwa kampani imodzi yomweyo imapanga zapamwamba ndi zotsika. Onaninso kumbuyo kwa bokosi kuti yalembedwa 100–240V. Zina zimabwera za 200–240V zokha, ndipo m'makomboni mwathu muno madzulo anthu akayatsa zitovu, mababu amachita kufiira, mphamvu itatsika. Ya 100–240V imapirira zimenezo bwino.

Yogwiritsidwapo kale ntchito musagule. Khadi yakale munthu angathe kuiyesa n'kuiona ikuyenda, koma makapasita amakalamba ndi kutentha mkati mwa bokosi lotseka, maso sangaone. Ndipo musayese kuitsegula kuti muone, mumatsala magetsi ngakhale mutazula pulagi. Ngati muitanitsa ku Lusaka pa basi, bokosi lifike lomata, lisiti ikhale ndi serial number, ndipo mufunsiretu kuti ikafa miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi mubweza kwa ndani. Lusaka ili makilomita oposa 550 kuchokera kuno, waranti yopanda woiyankhira siingakuthandizeni.

Mukagula yochotseka mawaya, gwiritsani mawaya a m'bokosi lake okha. Mapulagi a makampani osiyana amatha kulowa bwinobwino, koma kalumikizidwe ka mkati n'kosiyana, ndipo waya wobwereka umawotcha ma disk pa kamphindi.

Pali mbali ina imene alangizi a pa intaneti a kunja saiganizira, ndiyo magetsi a pakhoma pathu. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, tonse tinaona malaiti akupita maola ambirimbiri pa tsiku, ndipo zinthu zambiri zimawonongeka pamene akubwerera. Onjezanipo ziphaliwali za mvula yoyamba mu November ndi December. Power supply yabwino ili ndi malire ake. Ikani pakhoma kachitetezo kodikira kaye malaiti akabwera, konga kaja timaika pa filiji, ndipo mvula ya mabingu ikayamba zulani pulagi, kuzimitsa switchi kokha sikokwanira. Soketi ikhale ndi waya wa earth weniweni. Mukamamva kesi ikuluma pang'ono mukaigwira ndi dzanja, itanani wa magetsi aone.

Mukafuna UPS, kabokosi ka batire kamene kamagwirizira kompyuta malaiti akapita, samalani ndi manambala ake. Amalemba VA, osati W. Ija yofala ya 650VA imapereka cha m'ma 360W, ndiye kompyuta yanu ili pakati pa kutulutsa vidiyo, kuphatikiza sikirini, ili kale pamalire. Yambirani pa 1000VA kupita m'mwamba. Ma power supply abwinowa ali ndi active PFC, kachipangizo kowongolera kakokedwe ka magetsi, ndipo ena sagwirizana ndi UPS kapena inveta ya modified sine wave: amalira kapena kuzima malaiti akangopita. Ngati kunyumba muli pa sola, onani kuti inveta yalembedwa pure sine wave.

Ndionjezere mawu kwa anzathu ena m'gulu muno amene muli ndi makompyuta ochokera m'maofesi, ma Dell OptiPlex, HP ndi Lenovo aja. Ambiri mwa amenewo ali ndi mapulagi awoawo pa bolodi, osati 24-pin ya masiku onse, ndipo power supply yake imakhala yosafika 300W. Musathamangire kugula musanatsegule n'kuona. Kawirikawiri njira yabwino kumeneko ndi khadi yosafuna waya, monga GTX 1650 ya 75W.

Tibwerere kwa inu m'bale wanga. Mukaimanga yatsopanoyo, fani yake ikayang'ana pansi kesi isakhale pa mphasa kapena pa kapeti, ikwezeni pa thabwa kuti mpweya ulowe. Kutentha kwa October ndi fumbi la kuno mukuzidziwa, ndiye kasefa ka pansi kaja muzikagwedeza mwezi ndi mwezi. Waya wa 8-pin muukankhe mpaka kokowera kake kalire kuti "tepu". Ikapitirizabe kuzima mutasintha, ikani pulogalamu ya HWiNFO muone kutentha kwa khadi, poti yogula kwa munthu nthawi zina imafuna phala latsopano loziziritsira.

Panopa, bwezeranimo 1050 Ti mumalizire ntchito ya kasitomala, ichedwa koma ifika, ndipo mavidiyowo muwakopere pa disk ina usiku uno. Mukajambula sitika ya power supply yanu ndi ya 850W ija, tumizani zithunzi muno tiwerengere limodzi musanatulutse ndalama.