Ng'ombe ziwiri ndi kosi ya PLC ku Johannesburg

Kalata ya bambo wina wa ku Lizulu yandisowetsa tulo. Mwana wawo wamkazi anamaliza maphunziro a zamagetsi pa koleji ya ntchito zamanja, ntchito sanaipezebe, ndiye akufuna kosi ya milungu iwiri ku Johannesburg ya PLC, kakompyuta kolamulira makina a m'fakitale. Bambowa akufunsa ngati n'kwanzeru kugulitsa ng'ombe ziwiri kuti mwanayo apite.

Bambo, musanaitane ogula, mundimve kaye.

Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ina ku Blantyre ndisanabwerere kuno ku Dedza. Tinali ndi makina odzazira zinthu m'mabotolo, oyenda okha kuyambira potsuka botolo mpaka potseka chivindikiro. Makinawo akaima, ife anyamata tinkangoima nawo. Kiyi wa bokosi la mawaya ankasunga mmisiri wamkulu mmodzi, ndipo akafuna kutsegula ankayamba watituma kusitolo kukatenga sipanala imene sankaifuna n'komwe. Pobwera tinkapeza bokosi latsekedwa kale. Vuto likamukanika iyeyo, mabwana ankaimba foni ku South Africa. Katswiri ankabwera pandege, kugona ku hotela, ife tikusesa pansi podikira, maganyu atauzidwa kuti akhale kaye kunyumba popanda malipiro. Za maganyuwo mtima umandiwawabe mpaka lero, chifukwa ndi amene ankagona ndi njala pa vuto limene sanalipange.

Koma chimene ndinkaonetsetsa ndi manja a katswiriyo. Laputopu ankaitulutsa pomaliza, nthawi zina osaitulutsa n'komwe. Ankayamba ndi kufunsa woyendetsa makina kuti anamva phokoso lanji asanaime. Kenako ankatambasula drawing, pepala losonyeza mmene mawaya alumikizidwira, n'kutenga mita yoyezera magetsi, n'kumatsata waya umodziumodzi. Zimene ankapeza zinali zomwezomwezo: sensa (kachipangizo kozindikira zimene zikuchitika pamakina) yakutidwa ndi fumbi, waya wakhwefuka chifukwa cha kunjenjemera kwa makina, contactor (switch yoyatsira mota) yapsa, kapena kabokosi kopereka magetsi ochepa a 24V kafooka.

PLC ili ngati kapitawo wa pa esiteti: sagwira khasu, amangolandira malipoti n'kulamula. Masensa amaiuza kuti botolo lafika kapena thanki yadzaza, iyo n'kuyatsa mota kapena kutsegula valavu. Ikauzidwa zabodza, imalamulanso zolakwika, koma iyoyo ili bwinobwino. Imawonongeka mwa apo ndi apo. Ndiye munthu amene waphunzira kulemba pulogalamu koma sadziwa kuyeza ngati uthenga wa magetsi wa 4 mpaka 20 mA ukufikadi kuchokera ku sensa, afika pamakina oima n'kuyamba kusintha pulogalamu yabwinobwino, vuto limodzi n'kusanduka awiri. Ndawaona achinyamata otere ali ndi satifiketi yokongola, ndipo sindiwanyoza. Anagulitsidwa denga nyumba ilibe maziko.

Apa pali nkhani ya magetsi athunso. Mukukumbuka mu January 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati (MW) 130 a magetsi ndipo kuzima kwa magetsi kunakula. Fakitale imene ikusinthasintha pakati pa magetsi ndi jenereta imaotcha zipangizo zosachedwa kupsa, makamaka ma drive oyendetsa liwiro la mota. Mmisiri wa ku Malawi ayenera kudziwa za earth (waya wachitetezo wopita munthaka), za kutayika kwa phase imodzi (imodzi mwa nthambo zitatu zobweretsa magetsi ku fakitale), za zotetezera makina ku mphenzi, kuposa mnzake wa ku Germany kumene makinawo anapangidwa. Zimenezi kosi ya milungu iwiri siizikhudza, chifukwa aphunzitsi ake amaganiza kuti munadza nazo kale.

Ndipo tisamaganize kuti makina oterewa ali ku Blantyre ndi ku Kanengo kokha. Pa Golomoti pompano pali malo opangira magetsi a dzuwa a 20 MW, okhala ndi mabatire akuluakulu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Zonsezo zimayendetsedwa ndi makompyuta. Mapampu a madzi a m'matauni athu, nsanja za mafoni zili m'mapirimu, ngakhale zigayo zina zatsopano, zonse zili ndi mabokosi ofuna munthu wodziwa. Akaonongeka, wokonza achokere kuti? Bwanji asakhale mwana wa ku Lizulu, wa ku Bembeke kapena wa ku Tsangano?

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti njira yophunzitsira ana amenewa ilipo kale. TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba ntchito amalipira levy ya 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti maphunziro a luso ayende. Tili ndi makoleji akale monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete ndi Salima, komanso a m'madera amene anayamba mu 2015, monga wa Chongoni kuno kwathu. Koma koleji singagule makina a fakitale yonse. Mwana amaphunzira kuika mawaya m'nyumba, amene ndi maziko abwino, koma makina enieni ayenera kukawagwira kuntchito. Ndiye kampani imene imalandira wophunzira n'kumamutuma madzi ndi kusesa miyezi yonse ya attachment ikulakwira dziko. Ndipo ife amisiri akuluakulu amene timabisa luso poopa kulandidwa ntchito tikulakwa koposa. Ndikunena motsindika: mmisiri amene wapuma ntchito osasiya munthu wodziwa zimene iye ankadziwa, ntchito yake sanaimalize. Atsikana ndiye amavutika kawiri, chifukwa ena amawakankhira ku ofesi kukalemba malipoti pamene iwo anabwera kudzagwira mawaya.

Tsono mwanayu achite chiyani?

Ng'ombezo zisiyeni m'khola chaka chino. Mugulireni mita yabwino yoyezera magetsi ndi nsapato zotetezera, ndi ndalama ya thiransipoti yoti akagogode yekha kumene kuli makina: mafakitale a shuga ku Dwangwa, Nchalo ndi Salima, a simenti, a zakumwa, mabungwe a madzi. Apemphe kulowa m'gulu lokonza makina ngakhale malipiro atakhala ochepa. Adziwe kulumikiza mota ndi manja ake, m'njira ziwiri zoyatsira mota zotchedwa direct-on-line ndi star-delta, adziwe kuwerenga drawing, ndiponso asagwire waya asanazimitse, kukhoma loko pa switch ndi kuyeza. Za pulogalamu angayambe pa laputopu wamba, pakuti CODESYS ndi OpenPLC, zolembera mapulogalamu a PLC, zimapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo ladder logic, njira imodzi yolembera pulogalamu ya PLC, imalembedwa mofanana ndi drawing ya ma relay (timaswitch toyendera magetsi) imene akhala ataizolowera. Pakatha chaka kapena ziwiri adzadziwa ngati kumene akugwirako amagwiritsa ntchito PLC za Siemens kapena za Allen-Bradley, ndipo kosi adzasankha yogwirizana ndi makinawo. Adzayambe wafunsa abwana ake ngati kampani ingamulipirire, musanaganizenso za ng'ombe.