Kuimbira ku Joni osamaliza mayunitsi: yankho kwa mayi a ku Luchenza

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Luchenza. Dzina ndasunga. Alemba motere:

"Bambo a kunyumba ali ku Cape Town, chino ndi chaka chachitatu. Ndikawaimbira, mayunitsi amatha tikadali pa moni. Amayi anga ali cha ku Muloza, foni yawo ndi ya mabatani. Mwana wa achimwene akuti pali app yoimbira nambala iliyonse ulere, yakuno ngakhale yakunja. Ndi zoona zimenezi? Nanga ndizitani kuti ndalama zisamathere mu foni?"

Mayi, mwana wa achimwene anuyo sakunama mwadala, koma wasokoneza zinthu ziwiri. Kuimba kwa pa intaneti kulipo kwa mitundu iwiri, ndipo kutchipa kwake sikofanana.

Mtundu woyamba ndi uja wa WhatsApp, Messenger kapena imo, pomwe nonse awiri muli ndi foni yamakono komanso bandulo. Mawu anu amayenda ngati mmene chimayendera chithunzi mukachitumiza, ndiye za malire a dziko palibe. Kaya bambowo ali ku Cape Town kaya ali pa Chonde pompa, bandulo imadyeka chimodzimodzi. Mukaimba mwa masiku onse pa nambala yoyamba ndi +27, mumalipira mtengo wa kunja pa mphindi iliyonse, n'chifukwa chake mayunitsi amasungunuka mukadali pa "ana ali bwanji". Pa WhatsApp, kulankhula kwa mawu okha sikudya ngakhale 1MB pa mphindi. Chimene chimamaliza anthu ndi vidiyo. Imeneyo imadya kuwirikiza kangapo, ndipo ana akangoona nkhope ya bambo awo safuna kudula. Vidiyo muzisungira Lamlungu.

Musangokhulupirira ine. Tsegulani WhatsApp, pitani pa Settings, kenako Storage and data. Pamenepo pali Network usage, yomwe imaonetsa kuchuluka kwa data yomwe yapita pa kuimba. Pomwepo palinso Use less data for calls. Yatsani imeneyo. Mawu amachepako kukoma pang'ono, koma mumamvana. Ndipo musanagule bandulo ya mwezi wonse, makamaka zija amati ndi za WhatsApp yokha, yambani mwagula ya tsiku limodzi n'kuyesa ngati ikulola kuimba.

Chimodzi chomwe ambiri sachidziwa: pa intaneti wolandira nayenso amalipira. Bambo akakuimbirani pa WhatsApp, bandulo yanu ikudyeka ngakhale mwangoyankha. Ndiye akamatumiza ya ndiwo pa Mukuru, muziwakumbutsa kuti aikepo ndi ya bandulo. Mwayi wake nthawi ya ku Joni ndi ya kuno n'chimodzimodzi, palibe zodzutsana pakati pa usiku.

Tsopano mtundu wachiwiri, womwe mwana wa achimwene anuyo akunena. Awa ndi ma app oimbira nambala wamba, monga Rebtel kapena Viber Out. Wotchuka kwambiri anali Skype, koma Microsoft inaitseka mu May 2025. Apa foni imayambira pa intaneti koma imakathera pa netiweki ya Airtel kapena TNM kuti kafoni ka mabatani kalire, ndipo kampani ya kunoyo imalipiritsa polandira foni yochokera kunja. Ndalama imeneyo wina ayenera kuilipira basi. Malawi ali m'gulu la maiko odula kuwaimbira kuchokera kunja, ndiye ngakhale pa ma app amenewa mphindi ya kuno siitsika ngati ya ku Amereka kapena ku India. Komanso amafuna khadi ya kubanki yolipirira kunja, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikusowera muno, si nkhani yoti muvutike nayo muli pa Luchenza. Amene angaganizireko zimenezi ndi bambowo, akafuna kupereka moni kwa apongozi awo mwachindunji.

Nanga aja olemba kuti ulere? Ine ndinagwa nawo. Ndinaika ina chaka china, inayamba yandionetsa malonda, kenako ena, kenako ena, kuti ndipeze timphindi tiwiri. Bandulo yomwe inathera pa malondawo ikanandikwanira kucheza theka la ola pa WhatsApp. Inapemphanso kuona manambala onse a mu foni mwanga, ine n'kuvomera osaganiza. Nditaimba, mawu ankafika mochedwa moti tinkangolankhulira pamodzi ngati anthu okangana pa chigayo. Ndinaifufuta tsiku lomwelo.

Za amayi anu ku Muloza, intaneti isakuvutitseni. Muli dziko limodzi. Funsani kuti nambala yawo ndi ya netiweki iti, inunso mukhale ndi SIM ya komweko, mugule bandulo ya mphindi zoimbira. Kuimbirana pa netiweki imodzi ndiye kotchipa, ndipo mawu amamveka bwino ngakhale pomwe intaneti ikukanika. Dera lathuli ndi la zitunda ndi zigwa, netiweki ya intaneti imatha kukhala bwino pamsewu koma mukatsikira kumunda kwa tiyi kapena kuseri kwa phiri, zii. Kafoni ka mabatani sikasankha, ndiponso batire yake imakhala masiku. Amene tinaliko nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, magetsi atazima, tikukumbuka kuti mafoni amakonowa ndi omwe anayamba kufa.

Koma ku Muloza kuli msampha wake. Milange ali tsidya lina la mtsinje pomwepo, ndipo netiweki za ku Mozambique monga Movitel ndi Vodacom zimafika mpaka kuno. Foni yomwe imadzisankhira yokha netiweki ingathe kudumphira tsidyalo mwini wake ali pakhonde pake, ndipo zikatero amalipira ngati ali kunja kwa dziko. Mukapita kukawaona, lowani pomwe pali Network selection, muchotse pa Automatic, musankhe yakuno. Dziwaninso kuti achibale a ku Milange, ngakhale mumakumana nawo pa msika wa Limbuli, nambala yawo ya +258 ndi yakunja ngati ya ku Cape Town yomwe. Amenewo ndi a pa WhatsApp.

Agogo akafuna kumva mawu a mkamwini wawo, njira yomwe ndaona ikugwira ndi yachikale. Pamudzi sipalephera mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena mdzukulu yemwe ali ndi foni yamakono. Gwirizanani tsiku ndi ola, mumutumizire ya bandulo pa Airtel Money kapena Mpamba, apite nayo foniyo kwa agogo. Netiweki ikakana, ajambule mawu, voice note ija. Imadikira yokha, ikapeza netiweki n'kupita. Agogo athu omwe anapita ku Theba, kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, ankadikira kalata kwa milungu, yokawerengedwanso ndi mwana wasukulu pagulu. Voice note agogo amaimvera okha, n'kuibwereza kasanu.

Pomaliza, popeza WhatsApp ndiyo ikhale msewu wanu wa ku Joni, muisamale. Wina akakuimbirani kapena kukulemberani kuti watumiza molakwitsa manambala 6 pa foni yanu, muwabweze, musamupatse, ngakhale atadzitchula kuti ndi wa ku kampani ya foni. Akawapeza amalanda WhatsApp yanu, ndipo munthu woyamba kumulembera kuti "mwana wadwala, tumizani ndalama msanga" ndi bambo aja ku Cape Town. Yatsani Two-step verification pa Settings, pansi pa Account, ndipo muwauze bambowo kuti uthenga uliwonse wopempha ndalama aziyamba akuimbirani kuti amve mawu anu.