Tafunsani: Kodi mawu a GMO pa katoni ya phala ndi chenjezo?

Funso: Akonzi, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala kwa Kamwendo ku Mchinji. Mwezi watha ndinagula phala la ana lochokera ku South Africa m'sitolo ina yaikulu ku Lilongwe, ndipo mwana wanga wa Fomu 3 atawerenga kumbuyo kwa katoni anapeza timawu takuti "contains genetically modified ingredients". Apongozi anga atamva tanthauzo lake analamula kuti phalalo litayidwe, ati zakudya zotere zimaletsa kubereka, ndipo tsopano akukayikiranso chimanga cha haibulidi chimene chili m'nkhokwe mwathu. Kodi ndiwamvere?

Yankho: Mayi, phalalo musalitaye. Mawuwo akungonena kuti chimanga kapena soya wa m'phalamo anachokera ku mbewu imene akatswiri anaisintha chibadwa poikamo jini yochokera kwa chamoyo china (tikunena majini a m'maselo, amene amanyamula chibadwa cha chamoyo, osati aja a kwa sing'anga). Mbewu zotere ndi zimene zimatchedwa GMO mwachidule. Chitsanzo chodziwika ndi chimanga cha Bt, chimene chili ndi jini ya kachilombo ka m'dothi kotchedwa Bacillus thuringiensis, moti kapuchi akadya tsamba lake amafa ngakhale mlimi asanapopere mankhwala. Ku South Africa chimanga ndi soya zambiri ndi za mtundu wosinthidwawu, ndipo malamulo oteteza ogula amene anayamba kugwira ntchito kumeneko mu 2011 amati chakudya chilembedwe ngati zosinthidwazo zafika magawo 5 pa 100 alionse. Maiko a European Union anaika malire awo pa magawo 0.9 pa 100 alionse. Kampaniyo inalemba pomvera lamulo la kwawo, ndipo sikuti inkachenjeza za poizoni.

Bungwe la World Health Organization limati zakudya za GMO zimene zili pamsika wa maiko zinayesedwa ndipo sizikuoneka kuti zingavulaze munthu. Palibe umboni woti zimaletsa kubereka, ndipo anthu a ku South Africa adya nsima ya chimanga chimenechi kwa zaka zoposa 20.

Komabe apongozi anu musawaseke, pakuti mantha awo ali ndi pochokera. Pa njala ya 2002, imene inasautsa kwambiri anthu a ku Kasungu ndi maboma oyandikana nawo, chimanga cha thandizo chochokera ku America chinali ndi GMO. Dziko la Zambia, kungodutsa pa chipata cha malire cha Mwami pomwepa, linachikana ndithu mu ulamuliro wa Levy Mwanawasa, pamene Malawi anachilandira koma ananena kuti chiyambe chagayidwa, kuopa kuti anthu angachibzale n'kusakanikirana ndi chimanga chamakolo. Nkhawa yaikulu ya boma lathu inali ya kumunda, koma nkhani itafika pachitsime ndi pamaliro inasanduka ya m'mimba. Chaka chomwecho Malawi anakhazikitsa lamulo la Biosafety Act loyang'anira mbewu zoterezi.

Za chimanga cha m'nkhokwe, auzeni mayiwo kuti mtima ukhale m'malo. Mbewu za chimanga monga Kanyani, Mkango ndi Njobvu ndi haibulidi, kutanthauza kuti anakwatitsa mitundu iwiri ya chimanga pogwiritsa ntchito mungu wa ngayaye, ndipo palibe jini yachilendo imene inalowamo. Chimanga cha olenji chija chinapezekanso mwa njira yomweyo yosankha ndi kukwatitsa mbewu. Mbewu ya GMO imene alimi athu analoledwa kulima ndi thonje la Bt, limene kuyesa kwake kunayambira ku koleji ya ulimi ya Bunda mu 2013.

Chimene ife chimatidandaulitsa ndi kalembedwe kake. Mawuwo amakhala m'Chingerezi, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere, pansi pa mndandanda wa zosakaniza, moti mayi wogula mothamanga sangawaone. Makatoni ena amangoti "may contain", kusonyeza kuti wopangayo sanathe kutsimikiza. Ena amalemba "modified starch", ndipo ambiri amadzidzimuka nawo mawuwa, chonsecho akunena za sitachi amene anakonzedwa m'fakitale kuti phala lizilimba bwino, osati za chibadwa cha mbewu. Kusapezeka kwa mawu a GMO nakonso si umboni wokwanira, chifukwa mafuta ophikira oyengedwa bwino satsala ndi majini oti n'kuwayeza, ndipo mafuta a m'timachubu ta pamsika salembedwa chilichonse. Wogula ali ndi ufulu wodziwa chimene akudyetsa ana ake, choncho mukaona katundu wosalembedwa bwino mungathe kukadandaula ku Malawi Bureau of Standards.

Ngati apongozi anu sakhutirabe, musalimbane nawo chifukwa cha katoni imodzi. Soya amene mumalima kwa Kamwendo ndi wosasinthidwa: mukazingeni, musakanize gawo limodzi la soyayo ndi magawo anayi a chimanga, mupite nazo kuchigayo, ndipo ana azimwa phala limene agogo awo aona chiyambi chake.