Kodi tinene kuti m'mipukutu muli zolakwika?

Funso lachokera kwa mayi wina wophunzitsa Sande sukulu ku Dedza. Akuti ana anawafunsa chifukwa chake mabuku akalekale a Uthenga Wabwino amasiyana mawu pena, iwo n'kuyankha kuti "m'mipukutu muli zolakwika", ndiye mtima sukuwakhala m'malo, akufuna adziwe ngati Chichewacho chili bwino.

Mayi, mawu awiri onsewo ine ndikanawasintha. Mpukutu ndi chinthu chokulunga ngati mphasa, umene Yesu anawerenga m'sunagoge ku Nazarete uja, pa Luka 4, unali mpukutu ndithu. Koma Akhristu oyambirira ankakopera Mauthenga m'mabuku a masamba osokedwa mbali imodzi, otsegula ngati athu omwewa. Nenani "mabuku olembedwa pamanja" basi.

Tsono "zolakwika", apa ndiye pakundikhudza kwambiri. Zina n'zolakwikadi, mlembi watopa, diso lalumpha mzere, eya zinkachitika. Koma tatsegulani Luka 3:22, pa ubatizo paja. Mabuku ambiri amati mawu ochokera kumwamba anali oti Iwe ndiwe Mwana wanga wokondedwa, ndimakondwera nawe. Pomwe Codex Bezae, buku lolembedwa cha m'ma 400 m'Chigiriki ndi Chilatini mbali ndi mbali, pano limasungidwa ku Cambridge ku England, limati Iwe ndiwe Mwana wanga, lero ndakubala. Amenewotu ndi mawu a Salimo 2:7 enieniwo, ndipo Justin Martyr, mphunzitsi wachikhristu wa m'zaka za m'ma 100, ankawatchula chomwechi posimba za ubatizowu, kusonyeza kuti ndi akale zedi. Akatswiri ambiri amati mlembi wina Salimolo linamukhazikika m'mutu ndiye linalowerera palembapo, monga zimatichitikira poyimba, wayamba nyimbo ina pakamwa n'kupezeka pakutuluka mzere wa nyimbo inzake. Ochepa amati ayi, mawu a Salimowo ndi amene Luka analemba, ena anadzawasintha pambuyo.

Ndiye mukati cholakwika mwagamula kale mlandu umene akatswiri eni ake akadali kukambirana, komanso kwa mwana mawu amenewa amamveka ngati wina ananama dala. Ine ndimati "mawu osiyana", kapena "apa mabuku akale anasiyana", ndipo pamene lemba likukumbutsa linzake ndimati "apa pakumveka Salimo". Lamulungu likubwerali apatseni ana awiri Baibulo, wina awerenge Luka 3:22 mnzake Salimo 2:7, enawo amvetsere okha pamene mawuwo akukumana.